Nthungululu ya Deolinda

Germano, sipayo, kapena kuti mesenjala wa pa boma la Milange, anafika pakhomo pa Deolinda mamawa, nsapato zake zitasenza matope mpaka m'akakolo. Sanaodire n'komwe. Anangoima pafupi ndi nkhokwe, chipewa chake chofiira chili pendeke, n'kuyamba kulankhula ngati akulengeza pamsika.

"Amake Palmira, mawa kuli msonkhano pabwalo la msika. Phungu wathu wabwera kuchokera ku Lourenço Marques kudzatiuza zomwe akupangana kunyumba ya malamulo. Amayi nonse mukavale kapulana zochapa, osati zitenje zothimbirira. Kwabweranso munthu wa wailesi ndi makina ojambulira mawu, ndiye akuti nthungululu zikamveke bwino."

Deolinda anali atagwada pamphasa, akuthowa mapazi a mwana wake Palmira ndi madzi ofunda. Mapaziwo anali otupa kwambiri moti ukadina ndi chala pankatsala dzenje. Sanadzutse mutu.

"Phungu wanuyo ali ndi dzina. Ndi Benedito. Ndinamubereka pamsana pano mayi athu ali kothyola tiyi, mpaka anandiwonongera kapulana yanga yoyamba ndi mikodzo. Wafika liti?"

"Dzana."

"Dzana! Ndipo ine mchemwali wake ndikumvera kwa sipayo."

"Ine ndangotumidwa, mayi," anatero Germano, nabwerera m'matope momwe anadzera.

Chinali chaka chomwe Apwitikizi anali atatsala pang'ono kupakira katundu wawo, koma pa nthawiyo panalibe ankadziwa. Chomwe anthu ankadziwa n'choti kuseri kwa phiri kunamveka mfuti, ndipo chimvekereni mfutizo mzungu wa pa boma analeka kupereka giya, kapepala kaja kowolokera pamlatho kupita ku Muloza. Pamlatho anapingasa mtengo. Pamadooko pomwe anthu ankawolokera mozemba panali asilikali, komanso mtsinje unali utadzaza mpaka kumiza mabango.

Kwa ena kutsekedwa kwa mlatho kunali nkhani ya sopo ndi shuga. Kwa Deolinda inali nkhani ya Palmira. Mimba yoyamba ya mtsikanayu inatha ndi maliro a amayi okhaokha, opanda bokosi, opanda kulira mokweza, ndipo iye mwini anatsala pang'ono kutsatira mwanayo. Sisitere wa kumishoni atamuyeza ulendo uno sanabise mawu. Anati njira ndi yopapatiza, mwana sadzatuluka yekha, pakufunika dokotala wong'amba. Dokotala wotero wa mbali ino anali kutali kwambiri, pa msewu womwe nyengo ya mvula unkameza malole. Wapafupi anali kutsidya, m'Malawi, komwe mwamuna wa Palmira, Fabião, ankagwira ntchito m'minda ya tiyi. Uthenga unkabwera woti mnyamatayo amafika pamlatho Lamlungu lililonse n'kumangoyang'ana kuno. Deolinda anapita ku boma kukapempha giya mpaka mlonda wa pakhomo anayamba kumupatsa moni womutchula dzina. Yankho linali limodzi: bwerani mawa.

Tsopano mwezi unali utakwana. Mimba inali itatsika.

Mawa lake Deolinda anabwereka njinga kwa mnzake woyandikana naye, Cacilda, mayi wa pakamwa posatopa. Anakweza Palmira pakaliyala atayalapo nsanza, iwo awiri n'kumakankha, wina kutsogolo wina kumbuyo, mpaka kumsika. Anamukhazika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa malo ogulitsira nsomba zouma, n'kumusiyira chikho cha madzi.

"Amayi, musakawakalipire atsibweni pa anthu," anatero Palmira.

"Iwe khala chete, upume. Pa anthu ayi. Ndikamupeza yekha."

Anamupezadi yekha, pakhonde la nyumba ya alendo ya boma, akulimbana ndi tayi kutsogolo kwa kalilole wopachika pamsomali. Benedito anali atanenepa. Khosi linali litadzaza kolala, ndipo ankanunkhira mafuta a m'botolo. Atamuona anaseka, koma maso ake anathamangira kumsewu kuona ngati pali amene akuyang'ana.

"Achemwali! Mwabwera ndi matope onsewa? Ndimati ndikafike kumudzi, koma ntchito yachuluka, simungamvetse."

"Sindingamvetsedi. Ine sindinapite kusukulu, ndinkabereka iwe. Palmira ali pansi pa mango apo. Tiye ukamuone mapazi."

"Ndamva za Palmira. Zikundipweteka kwambiri. N'chifukwa chake ndikumenyera nkhondo lamulo la chipatala cha amayi. Achemwali, mukanaona momwe ndinalankhulira m'nyumba muja! Nkhaniyo inawerengedwa koyamba, onse anawomba m'manja. Tsopano ili m'manja mwa kagulu koona za umoyo, ikachoka kumeneko ipita ku kagulu koona za chuma, ndipo Pasaka ikadutsa..."

"Pita ukamuuze ali m'mimbayo kuti adikire Pasaka."

"Musatero."

"Nditani nanga? Benedito, tsibweni wa mwana uja ndiwe. Mwini mbumba ndiwe, palibenso wina. Pa ukwati wake unakhala pampando wa kutsogolo, unadya nkhuku ya unkhoswe mpaka kuphwanya mafupa. Lero sindikukupempha chipatala. Ndikukupempha mlatho. Umadya pa tebulo limodzi ndi mzungu uja. Tsegula pakamwa umuuze kuti mwana wa mlongo wako awoloke."

Benedito anasiya tayi. Anatsitsa mawu mpaka Deolinda anachita kusendera pafupi.

"Inu simukudziwa momwe amatiyang'anira ife akuda m'nyumba muja. Tilimo owerengeka. Ndikangopempha kuti m'bale wanga awoloke nthawi ino, mawa adzati Benedito ali ndi anthu ake kutsidya, amatumiza mauthenga kwa ankhondo a m'tchire. Anthu asowa chifukwa cha zochepa kuposa zimenezo. Ndikachoka pampando uja, adzalankhulire Milange ndani?"

"Palmira akafa, udzalankhulira yani?"

"Tikambirana msonkhano ukatha."

"Germano akuti msonkhano ukatha ukukwera galimoto ya ku Quelimane mvula isanadule msewu."

Benedito anagwiranso tayi yake. Anatembenukira kwa kalilole wake. Deolinda anaima pang'ono akuyang'ana msana wa jekete lakelo, kenaka anatsika pakhonde, n'kusiya zidindo za mapazi a matope pa simenti yopukuta bwino.

Pabwalo la msika anali atamanga chisakasa cha makuti a kanjedza. M'chisakasamo munali tebulo lofunda nsalu yoyera, mipando ya mzungu wa pa boma ndi mkazi wake, ya bambo mfumu wa kumishoni, ndi ya phungu. Abambo anaima kumbuyo. Amayi anakhala pansi kutsogolo, miyendo ili tambalale, dzuwa la pakati pa mvula likuwawotcha m'mitu. Pambali pa tebulo panali Celestino, munthu wa wailesi uja, wowonda ngati bango, atavala zomvera m'makutu. Makina ake anali ndi timagudumu tiwiri tozungulira, ndipo ankawateteza ndi ambulera, iye mwini ali padzuwa.

Misonkhano ya pa boma inali ndi kachitidwe kake, ndipo mayi aliyense wa ku Milange ankakadziwa. Kale amayi ankaluluta paliponse pomwe wolankhula wapumira. Tsiku lina mayi wina wogontha khutu limodzi anayambitsa nthungululu mzungu akulengeza maliro a mkulu wina wa kwawo, anzake n'kulandira, ndipo chilango chake amayi onse anasesa msika mpaka misana kuuma. Chiyambire tsiku limenelo a boma analamula kuti pasapezeke woluluta Deolinda asanayambe, ndipo Deolinda asayambe Germano asanavule chipewa chake chofiira ngati akukanda m'mutu. Anasankha Deolinda chifukwa nthungululu yake inalibe inzake. Inkayambira pansi, n'kukwera, n'kukwerabe pomwe ena mpweya wawathera. Pa maukwati, pa chinamwali, mwana akabadwa, anthu ankachita kudzamutenga. Pa misonkhano ya boma sankamupempha. Ankangomuuza.

Benedito anaimirira, natsokomola, nayamba kulankhula Chinyanja chokhala ngati chachita dzimbiri, pofuna kuti a wailesi amve.

"Anthu a kwathu ku Milange, ndakutengerani moni wochokera kunyumba ya malamulo. Ntchito ikuyenda. Choyamba, lamulo la njinga ladutsa. Njinga iliyonse izikhala ndi belu ndi kachitsulo ka nambala, kuti akuba asamativutitse."

Germano anavula chipewa. Deolinda anakweza dzanja kukamwa n'kululuta, amayi onse n'kulandira. Celestino anagwedeza mutu mokondwa.

"Belu," ananong'ona Cacilda. "Yathu ija ilibe ndi mabuleki omwe."

"Chachiwiri, lamulo la masikelo a pamsika lawerengedwa kachiwiri. Latsala pang'ono. Chachitatu, nkhani ya katemera wa agalu tinaikambirana mozama, ndipo tagwirizana kuti tidzaikambiranenso."

Chipewa. Nthungululu.

"Tsopano za kuno kwathu. Ndamva ndi chimwemwe kuti anyamata athu a mpira a m'minda ya tiyi anagonjetsa alendo mwezi wathawu. Ndamva kuti belu la kutchalitchi lomwe linang'aluka lawotcheredwa, ndipo likulira ngati latsopano. Tithokozenso mayi athu, akazi a bwana, omwe akuphunzitsa atsikana kuluka nsalu za pa tebulo."

"Za pa tebulo liti?" anatero Cacilda. "Ine kwanga timadyera pamphasa."

Chipewa. Nthungululu. Deolinda ankaluluta maso ali kumtengo wa mango. Ankamuona Palmira atatsamira thunthu, dzanja lili m'chiuno, akusinthasintha kakhalidwe ngati munthu wokhala pa nyerere.

"Ndaonanso ndi maso anga kuti mlatho wathu wa kumalire wapakidwa laimu, wayera mbee, kuti alendo aziona kuti kuno kuli ukhondo."

Apa abambo ena kumbuyo anaseka chamumtima. Germano anavula chipewa. Deolinda analuluta, koma nthungululuyo inatuluka yaifupi, ndipo m'kamwa mwake munatsala kuwawa ngati watafuna tsamba la fodya.

Benedito anamwa madzi. Anayang'ana Celestino, Celestino n'kusendeza choyankhulira pafupi ndi amayi. Aliyense anaona kuti pafika pamwini nkhani.

"Ndasunga yokoma kumapeto. Amayi anga, achemwali anga, boma lamva kulira kwanu. Nkhani yomanga chipatala cha amayi oyembekezera kuno ku Milange yalowa m'nyumba ya malamulo. Yawerengedwa koyamba. Ili m'manja mwa kagulu koona za umoyo. Posachedwa mayi wa kuno sadzafunikanso kuyang'ana kutsidya kwa mtsinje. Adzachirira kwawo, pabedi loyera, m'manja mwa dokotala wake!"

Germano anavula chipewa.

Deolinda sanakonzekere kanthu. Dzanja analikwezadi mpaka kukamwa monga mwa masiku onse. Koma pomwepo anaona Palmira akugwira nthambi yotsika ya mango, akudzikoka kuti aimirire, nkhope itakwinyika, ndipo dzanjalo linangobwerera lokha pamwendo. Pakhosi panalibe chilichonse.

Pabwalo panati zii. Amayi onse anali chete, maso ali kwa iye. Kunkangomveka ntchentche za pa nsomba zouma ndi timagudumu ta makina tikuzungulira.

Germano anavala chipewa n'kuchivulanso. Anakanda m'mutu. Anakandanso mwamphamvu, akumutong'olera maso Deolinda.

"A Germano, n'nsabwe zimenezo?" anafunsa Cacilda mokweza. "Mukapake palafini."

Abambo kumbuyo anaphulika nako kuseka. Celestino anavula zomvera m'makutu n'kuimitsa makina. Mzungu wa pa boma anatembenukira kwa Benedito, nsidze zitakwera.

Germano anathamangira kwa amayi. "Inu amake Filipe, yambani inu!"

"Ine chifuwa, bambo. Chigonere dzulo."

"Inu apo?"

"Dzino."

"Nanga inu?"

"Ife timalandira, sitiyambitsa. Munatero ndinu a boma."

Mkazi wa katekisiti, pomvera chisoni bambo mfumu omwe anali atayamba kufiira makutu, anayesa yekha. Kanatuluka kamawu kowonda konjenjemera, ngati nkhuku yogwidwa ndi kabawi, n'kufera m'njira. Panalibe anamulandira. Celestino anapukusa mutu.

"Zimenezo sindingapite nazo," anauza Benedito, mosasamala kuti anthu akumva. "A phungu, za njinga ndi za agalu sindinadzere. Kulikulu andituma chinthu chimodzi: mawu a amayi a m'malire akukondwera ndi chipatala, kuti anthu amve aleke kuthawira kutsidya. Ndikabwerera ndi mawu anu okha, kumbuyo kuli zii ngati pamanda, akandifunsa kuti ku Milange kwachitika chiyani. Akakufunsaninso inu."

Apa ndi pomwe Deolinda anazindikira chomwe anali nacho pakhosi pake. Sanasangalale nacho. Anangopinda manja pachifuwa n'kudikira.

Benedito anatuluka m'chisakasa. Anayenda pakati pa miyendo ya amayi, akusamala buluku lake, mpaka anafika pomwe panali mchemwali wake. Ananjuta. Thukuta linali kutsika m'mbali mwa makutu.

"Achemwali, mukundichita chiyani?" ananong'ona.

"Ine? Palibe, a phungu. Ndikudikira Pasaka."

"Musandichititse manyazi pamaso pa anthu awa. Mukudziwa zomwe zingandigwere?"

"Nthungululu yanga yawerengedwa koyamba. Ili m'manja mwa kagulu." Kenaka anasiya zoseka, nalankhula monga ankamulankhulira ali mwana. "Tembenuka. Yang'ana ku mango uko. Ukumuona? Zayamba zimenezo. Ine ndaberekapo, ndikudziwa kaimidwe kameneko. Ndinakaika mdzukulu mmodzi kudambo ndi manja angawa, iwe uli kumisonkhano yako. Sindikaikanso wina pamodzi ndi make. Ukufuna ndilulutire chipatala cha m'kamwa mwako mwana wanga akufera pafupi ndi nsomba zouma? Galimoto ili apoyo, ya mbendera. Pamlatho saiimitsa. Imutenge."

"Si yanga. Ndi ya bwana."

"Pakamwa ndi pako."

Benedito anayang'ana ku mango. Palmira anali atagwada tsopano, mutu atautsamiritsa pathunthu. Benedito anayang'ananso ku chisakasa, komwe mzungu anali kugogoda tebulo ndi chala. Anaimirira pang'onopang'ono, nabwerera, nawerama pafupi ndi khutu la mzunguyo. Analankhula Chipwitikizi, manja akuwapotokola ngati mwana wopempha kupita kuseri. 

Mzunguyo anasuzumira ku mango. Anafunsa kanthu kamodzi. Kenaka anaseka, nakweza mapewa, naitana dalaivala wake ndi chala, n'kuyatsa fodya.

Basi. Zinathera pomwepo.

Deolinda anagwidwa ndi mkwiyo woposa wa m'mawa uja. Maulendo onse aja a ku boma, mabwerani mawa onse aja, tulo tosagona tomvetsera kupuma kwa Palmira, mantha onse a Benedito, zonsezo zinali zongofuna munthu mmodzi kuwerama n'kutsegula pakamwa, wina n'kukweza mapewa.

Benedito anabwerera akumwetulira ngati wapha njovu. "Zatheka, achemwali. Msonkhano ukangotha..."

"Ayi. Inyamuke ndikuona."

"Koma anthu akudikira!"

"Azolowera."

Galimoto inabwerera chambuyo mpaka pa mango. Amayi anayi anamunyamula Palmira n'kumugoneka kumbuyo pa kapulana zomwe anavula m'chiuno. Deolinda anaponda pachitsulo kuti akwere, koma Germano anamugwira mkono, mosakakamiza.

"Mayi, bwana akuti wodwala ndi womudikirira mmodzi. Koma inu ayi. Inu muli ndi ntchito pano."

Deolinda anamuyang'ana, nayang'ana Celestino yemwe anali atavalanso zomvera m'makutu. Anatsitsa phazi.

"Ndipita ine," anatero Cacilda, akukwera kale. "Chibadwire sindinakwerepo galimoto ya mbendera. Amake Palmira, njinga mukaisiye kwathu, muwauze abambo akunyumba kuti aphike okha, saafa."

"Amayi," anaitana Palmira, mawu ali ochepa.

"Pita. Fabião ali komweko. Ukakafika usakachite manyazi, ukakuwe kuti akuone msanga." Anamupukuta thukuta pamphumi ndi chikhatho, n'kutseka chitseko yekha.

Anaima pamsewu mpaka galimoto inakhota kulowera kumalire. Sanakhutire. Anatuma maso kwa abambo omwe anali atakwera pachulu cha kuseri kwa msika, pomwe mlatho umaonekera patali. Patapita nthawi mmodzi anakuwa kuti, "Akweza mtengo! Yawoloka!"

Pamenepo Deolinda anabwerera pamalo pake n'kukhala pansi.

Benedito anabwereza mawu ake a chipatala, bedi loyera, dokotala wake. Germano anavula chipewa. Deolinda analuluta, amayi n'kulandira. Celestino anati galu anauwa pakati, abwereze. Anabwereza. Anati mwana wina analira. Anabwereza. Anati tsopano aluluta bwino koma a phungu anatsokomola. Kenaka anati popeza makina alipo kale, ajambuliretu nthungululu zapadera, zazitali ndi zazifupi, zopanda mawu a munthu, zoti akasunge. Deolinda sanatsutse. Zake zinali zitatheka, ndipo ankaopa kuti akakana angatumize uthenga pamlatho. Analuluta mpaka dzuwa linapendeka, mpaka pakhosi panayamba kukanda ngati wameza mchenga, mpaka pomaliza panangotuluka mpweya.

"Zakwana," anatero Celestino. "Mayi, muli ndi mphatso."

Deolinda anafuna kumuyankha, koma mawu sanatuluke. Mwina zinamuchitira ubwino Celestino.

Benedito anamupeza akukankha njinga ya Cacilda. Galimoto ya ku Quelimane inali italira kale, mitambo yakuda ikusonkhana kuphiri.

"Mwaona, achemwali? Nkhani zimafuna kudziwa kalankhulidwe kake. Mukandiuze akachira. Ndikadzabwera ndidzafika kumudzi, ulendo uno ndithu."

Anatulutsa mpango woyera m'thumba, nayang'ana mapazi a mchemwali wake, naubwezanso. Deolinda anangomuyang'ana, n'kupitiriza kukankha njinga.

Mawa lake sanapite kumunda. Anasesa pabwalo posesa kale, natsuka miphika yotsuka kale, maso ali kunjira. Pakhosi panali potupa moti ngakhale madzi ankamupweteka. Oyandikana nawo akamufunsa ngati wamva kanthu, ankangopukusa mutu.

Cacilda anatulukira mkuja wake, masana, ali wapansi, nsapato zili m'manja, atanyowa mpaka m'mawondo ndi zithaphwi za mumsewu, asilikali a pamlatho atamulola kubwerera kwawo. Anayamba kukuwa ali patali.

"Amake Palmira! Tulukani! Wamkazi! Anamung'amba usiku womwewo, dokotala akuti tikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina. Onse ali bwino! Kamwana kake n'konenepa, mphuno ngati ya atsibweni a make, Mulungu akakhululukire. Fabião analira ngati mbuzi, mpaka anamwino anamutulutsa panja!"

Deolinda anagwetsa tsache. Anakweza dzanja kukamwa. Iyi ndiyo nthungululu yomwe anaisunga chiyambire tsiku lija anabwerako kudambo manja ali lende. Anakoka mpweya wonse, natsegula pakamwa.

Panangotuluka kamluzu kouma.

Anayesanso. Chimodzimodzi. Amayi omwe anathamangira pabwalopo anaima mozungulira, manja ali pafupi ndi pakamwa, akumudikira monga anazolowerera. Deolinda anawakodola mokwiya kuti yambani, mukudikira chiyani, pano si pa boma. Cacilda anayambitsa, ndi mawu ake a khwangwala aja, ena onse n'kulandira, mudzi wonse n'kumva kuti kwa Deolinda kwabadwa mwana. Mwini wake anangokhala pamtondo, akulira mopanda phokoso.

Mawu anabwerera patapita masiku. Mlatho unakhalabe wotseka, ndipo mdzukuluyo ankangomumvera kwa amalonda ozemba, kuti wayamba kumwetulira, kuti wayamba kukhala.

Pasaka inadutsa. Tsiku lina Deolinda analowa m'kantina ya pamsika kukagula mchere, wailesi ili pashelefu pakati pa zitini za nsomba. Munali pulogalamu ya Chinyanja. Anamva mawu a mlongo wake akunena kuti nkhani ya chipatala cha amayi ku Milange yachoka ku kagulu koona za umoyo, yabwezedwa kuti akonze zina, ndipo ikuyenda bwino kwambiri. Atangotha kunena, m'wailesimo munabuka nthungululu yoyambira pansi, yokwera, yokwerabe. Kenaka wolengeza anati tsopano timve za msewu watsopano wa kudera lina lakutali, lomwe Deolinda anali asanalimvepo n'dzina lomwe, ndi momwe amayi a kumeneko akondwerera. Inabukanso nthungululu yomwe ija.

"Amake Palmira, si inu amenewo?" anafunsa wogulitsa, akuseka. "Mwafika kutali!"

"Ndine," anatero Deolinda. "Tsitsani chinthucho, mundipatse mchere. Ndasiya nyemba pamoto."